Bwera Udzatsegule Maso a Hawa

Patuma, usakwere basi ya mawa usanabwere kuno. Chithunzi chimene unajambula Hawa ali mtulo chija usachipinde, usachifufute, usaching'ambe, ndipo usapite nacho ku Lilongwe. Mng'ono wako sakudzuka. Chigonereni m'mawa uja utamutsanzika, mpaka pano sanatsegule maso.

Asalamu aleikumu mwana wanga. Moni wabwera pambuyo, undikhululukire. Ndikulemba ndili pachipatala chathu chaching'ono chino, ndakhala pansi pafupi ndi bedi, pepala lili pabondo. Hawa amuika diripi. Anesi akuti ndi malungo, mankhwala amupatsa, ine sindikukana ayi. Foni yako ndaimba mpaka yanga yatha moto, sikulowa. Ya amalume ako a Jafali, kumene wafikirako, ikungolira osayankhidwa. A Twaibu a kabaza, amene atinyamula kubwera kuno, akuti anyamuka kupita ku boma akangoswali pemphero la madzulo la Alasiri, ndiye kalatayi ndipatsira iwowo. Nthawi yatsalayi ndikuuze zimene ndinkafuna kukuuza dzulo tikulongedza chikwama chako, koma ndinaopa kuti undiseka.

Udabwa kuti ndadziwa bwanji, poti unajambula mobisa ine ndili kudoko kulemba dzina pa boti la a Kasimu. Unajambulira m'buku langa la mapepala oyera lija, n'kuthothola tsamba lako. Koma dzanja lako ndi lolemera Patuma, ndakhala ndikukuuza, umakanikiza pensulo ngati ukulima. Tsamba lapansi linasunga zonse. Lero utachoka ndinakhala pakhonde kuti ndiyambe chithunzi cha buku la ana lija ndikujambulira a ku Lilongwe, pamene kamtsikana kakuwoloka mtsinje wa Bua pa bwato. Kamtsikana ndinakatsiriza, nkhafi ndinatsiriza. Kenako ndinagoneka pensulo cham'mbali kuti ndidetse madzi akuya. Ndikudetsa, ndikudetsa, ndinangoona mizere yoyera ikutuluka pansi pa bwato. Linayamba ndi khutu, ndi kaulusi kaja tinamuika titamuboola. Kenako tsaya. Kenako chala m'kamwa. Kenako maso, otseka. Dzuwa lili pamutu, nkhuku zili phee pansi pa nkhokwe, ine ndikuyang'ana mwana wanga atagona pansi pa madzi amene ndadetsa ndi dzanja langa lomwe. Ndinakuwa dzina lake. M'nyumba munali zii. Nditalowa ndinamupeza pamkeka thupi lili ngati mbaula.

Sindikukudzudzula. Ndikudziwa kuti unafuna kupita ndi nkhope ya mng'ono wako ku koleji kuti uziiona ukamusowa. Ndipo wamujambula bwino, bwino kwambiri, kuposa mmene ine ndikanathera. Chimene chikundiopsa ndi chomwecho. Ukanakhala kuti unalakwitsa mphuno kapena khutu, bwenzi mtima wanga uli pansi.

A Juma osoka maukonde sukuwakumbuka iwe, unali kumsana. Nthawi imeneyo ndinkangolemba zikwangwani za matiirumu, kapu ndi sikono, kapu ndi sikono, Kanyenda yense makapu anga okhaokha. Kunabwera anthu a bungwe lina kufuna munthu wojambula zithunzi zochenjeza za kolera. Inali ntchito yanga yoyamba ya papepala, ine wa sitandade sikisi, mtima unali m'mwamba. Anafuna munthu wodwala atagona pamphasa. Munthu wogona ndinali ndisanajambulepo. Ndikusuzumira kuseri kwa mpanda, a Juma awo, akuwodzera pansi pa mango, ukonde uli pamiyendo, kofiya itapendekeka. Ndinawatenga onse mmene analili, makutu awo aakulu aja, ndi chipsera cha mbedza pachibwano. Mapepala atasindikizidwa n'kumatidwa, doko lonse linafa ndi kuseka. "A Juma, kolerayu mwadwala liti osatiuza? Tikanabwera ndi phala." Iwo anabwera kwathu akukoka ndodo, akuti, "Iwe mwana wa Amina, wandipachika pakhoma la chimbudzi cha kumsika, ine munthu wa zidzukulu? Ukanandichepetsako makutuwa, ndikuoneka ngati mleme." Ankaseka. Anati ndiwagulire tiyi wamkaka tithane, ndinawagulira. Mvula ya chaka chomwecho isanathe, anagona pansi pa mango omwe aja ataswali pemphero la masana la Zuhuri, ukonde pamiyendo, kofiya itapendekeka. Ana anasewera pambali pawo mpaka madzulo akuyesa ali mtulo. Sanatsegule m'mimba, sanatsokomole, sanadandaule mutu. Maliro atatha akazi awo a Sakina anabwera kudzaima pampanda pathu. Sanalalate. Anangoti chapansipansi, "Munawagoneka ndinu. Nanga bwanji simunawadzutse?" Anabwerera, ndipo mpaka lero tikakumana kuchigayo amaphimba nkhope ndi mpango.

Ndiye mvera Patuma. Munthu amene ukumudziwa usamujambule atagona, usamujambule atatseka maso. Ukafuna nkhope, uzisakaniza. Mphuno utenge ya munthu wa m'basi, makutu a wogulitsa matemba, pakamwa pa wina amene unangodutsana naye. Nkhope yotero ilibe mwini, ndiye chilichonse chimene chingafune kuitsatira chimasochera panjira. Umandifunsa kuti bwanji ana a m'mabuku anga safanana ndi aliyense wa kuno. Chifukwa chake ndi chimenechi. Ndipo zikakukakamiza kujambula munthu weniweni, akhale ataimirira, maso ali tong'o, manja atagwira kanthu, ngakhale tsache. Munthu amene ali ndi ntchito m'manja sachoka msanga.

Ndikukumva uli komweko, ukuti, "Amayi inu, pensulo ndi kamtengo ndi makala basi." Ee, ndi zoona. Mbedza nayonso ndi kawaya basi, koma ikalowa m'madzi situluka yokha. Agogo ako, apongozi angawa, akhala akundiuza chikwatiwireni kuti, "Tsiku lachiweruzo mudzauzidwa kuti muziuzire mpweya wamoyo zithunzi zanuzi, mudzautenga kuti?" Ine ndinkayankha mwamwano, ndimati, "Mayi, mpasa mwadyawu wachokera m'zithunzi zomwezo." Iwo amvekere, "Ndiye chifukwa chake unali ndi minga yambiri." Tinkaseka. Lero sindikuseka. Sindikudziwa ngati zili mmene amanenera iwowo kapena mwina. Ndikungodziwa zimene ndaona ndi maso anga.

Tsopano za labala. Amalume ako a Idrisa, mlongo wanga wamng'ono, unawaona pang'ono, amene ankakunyamula paphewa kupita nawe kukaona ng'ona pamchenga wa Bua. Nthawi imeneyo nkhope ndinali nditayamba kale kusakaniza, ndinkadziona wochenjera. Ndinkajambula banja likukolola mpunga. Nkhope zonse zinali zopanda mwini, koma mnyamata wakumapeto ndinamupatsa kaimidwe ka Idrisa, phewa limodzi lotsika chifukwa chonyamula injini ya boti, ndi malaya ake amizeremizere amene sankawavula. Aliyense wa kuno akanamuzindikira ngakhale chakumbuyo. Nditatumiza pa foni, mkonzi wa mabuku uja wa ku Lilongwe anaimba. "Mayi, anthu achuluka patsambali, mawu tiwaika pati? Chotsanipo mmodzi." Ndinatenga labala. Ndinayamba miyendo, kenako malaya, kenako phewa. Ndinauzira zinyenyeswa zinagwera pansi, nkhuku n'kumazijompha. Papepala panangotsala kamthunzi kotuwa. Titakolola mpunga Idrisa anati akupita ku Joni. Anaimba ali pamalire kuti wawoloka bwino. Basi. Sitinamve kuti wafa, sitinamve kuti ali moyo. Sadaka sitingamuchitire, poti sadaka ya munthu wamoyo ndi tsoka, kumudikira nakonso tatopa. Amayi anga anamwalira mkeka wake akuupindabe ndi kuuyanika padzuwa. Tsamba lija ndili nalo. Nthawi zina ndikalitulutsa kamthunzi kaja kamaoneka koderapo, nthawi zina sikaoneka n'komwe, ndipo masiku amene sikaoneka sindidya.

Ndiye munthu safufutidwa Patuma. Ukundimva? Mtengo fufuta, nyumba fufuta, galu fufuta. Munthu ayi. Akakuuza kuti achuluka, tenga pepala lina uyambirenso, lakalelo ulisunge losapinda. Sutikesi ili pansi pa bedi ija, imene umandinena kuti ndikuweta mphemvu, imene ndinakumenyera utatengamo pepala lokolezera moto, muli anthu amenewo. Sawotchedwa, sang'ambidwa, sakulungira usipa. Ndikudziwa mtima wako. Ukawerenga kalatayi uthamangira labala kuti uchotse maso otsekawo uikepo ena. Usayerekeze. Labalayo usamukhudze n'komwe, umupereke kwa amalume ako a Jafali asunge m'thumba.

Chipsera cha padzanja lako lamanzere nkhani yake ukuidziwa, koma ndikufuna uimvenso lero poti ukupita kukakhala wojambula weniweni wa satifiketi. Umaona mmene tsiku langa limayendera. Kutunga madzi, phala la ana, kunyika mlaza, kuluka mikeka ya kumsika, wina waitana kuti dzina la boti lake lafufutika, mpunga ukufuna kupalira, bambo ako ali ku mizimbe ku Dwangwa mpaka kutha kwa mwezi, ndipo a ku Lilongwe akuimba kuti zithunzi zili pati. Kujambula ndimachita kuba, pang'ono apa pang'ono apo, pamene mwana wagona kapena mphika usanawire. Tsiku limenelo ndinkawiritsa utoto wofiira wonyikamo mlaza. Iwe unali wokwawa. Ndinakuona ukulunjika kumbaula. Ndinakuona ndithu. Koma dzuwa linagwera pamsana pako mwa mtundu wina, kamsana kakupindika ngati kamwana ka mphaka, ndipo dzanja langa linapita ku pensulo m'malo mopita kwa iwe. Mzere umodzi wokha, ndinatero mumtima. Kulira kwako ndimakumvabe ndikamanyika mlaza wofiira, n'chifukwa chake mikeka yanga yambiri ndi yobiriwira ndi yakuda.

Ndinkayesa ndinaphunzira. Lero utakwera njinga Hawa analira pang'ono, akuti "Tuma, Tuma," kenako anakagona yekha pamkeka. Mwana amene sagona m'mawa, amene amathamangitsa abakha mpaka kudambo. Ine mumtima ndinati Alihamudulilahi, ndapeza mpata. Ndinalowa m'nyumba kukatenga lezala losongolera pensulo, ndinamuona, ndinati koma wagona mokongola mwanayu, n'kutuluka. Sindinamukhudze pamphumi. Ndikanamukhudza bwenzi titafika kuno dzuwa lisanakwere. Ntchito yathuyi imadya maso mwana wanga. Umayamba kuona anthu ngati mizere ndi mithunzi, umaona kukongola kwa kagonedwe osaona kuti munthu akupsa. Imafuna maso onse awiri, ndipo mwana nayenso amafuna maso onse awiri, ndiye iwe uli nawo angati? Udzakwatiwa, udzabereka, Insha Allah. Uzidzayamba wakhudza, kuyang'ana pambuyo. Yamba wakhudza. Pepala silitentha thupi, lingathe kudikira.

Zina ndilemba mwachidule. Ndamva kuti ku koleji amakhazika munthu pakati, nonse n'kumamujambula. Chita zimene aphunzitsi akuuza, koma usinthe kena kake kakang'ono, ngakhale kakhutu, iwo sadzaona. Anzako adzakuvutitsa kuti uwajambule. Ajambule akuseka, ataimirira. Mnyamata amene akukufuna usamujambule, ngakhale akupemphe chogwada, chifukwa ukamuyang'ana nthawi yaitali chotero udzayamba kuona zabwino zimene palibe. Pamaliro usapite ndi pensulo ngakhale m'chikwama. M'thumba la m'mbali ndakuikira mtolo wa mlaza ndi singano yaikulu. Unati ku tauni akakuseka. Akuseke. Tsiku limene nkhope zikukana kuchoka m'mutu mwako, ukatseka maso zikubwerabe, siya pepala uluke. Mkeka ulibe maso, suyang'ana munthu. Ine ukanapanda mlaza bwenzi nditapenga kale. Swala usasiye, ndipo ukamaswali zithunzi uzizitembenuzira kukhoma monga timachitira kunyumba.

Tsopano ndikuuze za chipinda chino. Atamugoneka Hawa ndinakhala pansi, ndikukweza mutu, pakhoma loyang'anana ndi bedi lake pali pepala lija la kolera. Lomwe lija. Zaka zonsezi palibe analichotsa. Dzuwa la pawindo ladya mitundu yonse, mawu afufutika, mphasa yafufutika, ndowa ya madzi yafufutika. Atsala a Juma okha, makutu ndi timizere tiwiri ta maso otseka. Agona moyang'ana mwana wanga. Kuling'amba sindingathe, ndakuuza kale chifukwa chake. Ndinavula mpango wanga wachiwiri n'kuukoleka pamsomali kuti uwaphimbe. Anesi polowa akuti, "Mayi, chotsani nsalu yanuyo, pano si pachingwe choyanikira." Ndinachotsa. Pabedi linalo pali gogo wina wa ku Nkhunga ndi mdzukulu wake. Wakhala akundiyang'ana, akuyang'ana pepala lili pabondo langali. Kenako akuti, "Si inu mumajambula anthu aja?" Ndinati ayi gogo, ndikulemba kalata. Anangokoka chitenje n'kuphimba nkhope ya mdzukulu wakeyo, ndipo mpaka pano sanaivundukule, kutentha konseku.

Ndayesa ndekha, usaganize kuti ndangokhala. Tsamba la madzi lija ndabwera nalo. Ndinati mwina ndingamutsegule maso pomwepo. Koma mizere yoyerayo ndi ngalande zimene pensulo yako inakumba, yanga ikafika pamenepo imangodumpha. Nditakanikiza inathyoka. Ndinasongola, inathyokanso. Si dzanja langa linamugoneka. A Sakina anandifunsa kuti bwanji sindinawadzutse amuna awo, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti ndikanadziwa ndikanatani. Ndinachita kuphunzira pa zidutswa za makatoni, pa nkhope zopanda mwini, mpaka ndinapeza njira yotsegulira diso popanda labala. Sindinkadziwa kuti ndikuphunzirira iwe.

Njira yake ndi iyi. Diso lotseka ndi kamzere kopindikira pansi ngati kambale. Kamzere kameneko kasiye mmene kalili, kakhala chikope cham'munsi. Pamwamba pake ukokere kena kopindikira m'mwamba, nsonga zikumane. Pakati uike mwana wa diso wakuda bii. Pomaliza kadontho koyera, kamodzi, chakumwamba. Kadontho kameneko ndiye kudzuka kwake, popanda iko diso limakhala lotsegula koma mulibe munthu. Penti yoyera ya maboti ndabwera nayo m'kabotolo ka mankhwala, ndi kamtengo ka machesi kodonthezera.

Koma usachitire kumeneko Patuma. Ndikudziwa uti bwanji ndisangotsegula konkuno ku boma nthawi isathe. Ayi. Maso a Hawa sukuwadziwa mmene ukuganizira. Palibe amene amadziwa maso a munthu pamtima, ngakhale ine mayi wake. Ukajambula za m'mutu umupatsa maso a munthu wina, a mwana wina amene unamuona pamsewu, ndipo amene adzuke pabedi pano sindikudziwa adzakhala ndani. Ubwere pano, ukhale pamene ndakhala inepa. Ine ndimukweza chikope ndi chala changa, iwe uyang'ane diso lake lenileni, ujambule limenelo.

Za koleji usade nkhawa, sindikukubweza. Ndaluka mikeka yambiri kuti iwe ukafike kumene ine sindinafike, sindingakutsekere njira ndi manja omwewo. A Twaibu avomera kuti akubwezera ku depoti m'mamawa basi isananyamuke. Ndipo ngati ndi malungo chabe, ngati diripiyi ndi imene imudzutse iwe uli panjira, udzandiseke. Udzandiseke moyo wako wonse, udzauze anzako a ku koleji kuti amayi anga a kumudzi amaopa pensulo. Ndidzaseka nawe, Hawa ali pamiyendo panga.

Azana yamveka kumzikiti, a Twaibu sachedwa. Pamene ndimalemba za penti ija Hawa anagwedezeka. Ndinaponya pepala, ndimayesa akudzuka. Sanadzuke. Tinamugoneka chagada, manja m'mbali, chifukwa cha diripi. Watembenukira yekha kumanzere, khutu la kaulusi lili pamwamba. Wapinda mawondo. Waika chala m'kamwa, chimene anasiya kuyamwa chaka chatha, ndipo sindikudziwa ngati dzulo unamuona akuyamwa kapena unangowonjezera wekha poti umamukumbuka choncho. Ndatenga tsamba la madzi lija ndaliika pambali pake. Palibe chosiyana Patuma. Ngakhale kakhwinya ka pakhosi.

Chithunzicho uchiike pakati pa makatoni awiri, nkhope kumwamba, uchigwire pachifuwa. Pamlatho wa Bua uchigwiritse, kumawomba mphepo, chisagwere m'madzi. Amalume ako akafuna kubwera abwere pambuyo, iwe usawadikire, usadikire tiyi, usasinthe zovala. Kwera njinga imene yabweretsa kalatayi.

Bwera mwana wanga. Bwera ndi pensulo yomwe ija. Bwera pompano.

Ndine mayi ako.